Tikonzeke Malaiti Akali Kuyaka

Kuno ku Kafue tikhala pafupi ndi Kafue Gorge, kumene kumapangidwa malaiti ambiri a dziko lino, koma zimenezi sizinatipulumutse m'caka ca 2024. Mvula itakana, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, ndipo pofika September a ZESCO anali kuzimitsa malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Vuto lotere tinaliona kale mu 2015 ndi mu 2019. Popeza malaiti athu ambiri amadalira mvula, lidzabweranso.

Malaiti akazima nthawi yaitali, makina okoka madzi amaima ndipo mipopi imauma. Pamenepo anthu amathamangira ku mtsinje ndi ku zitsime zosazama. Tisaiwale kuti kolera ya 2023 mpaka 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Conco nyumba iliyonse ikhale ndi dilamu yotsekedwa bwino ndi botolo la kolorini, ndipo madzi okayikitsa tiziwawiritsa.

Cigayo naco cimaima. Tigayitsiretu ufa wa milungu iwiri. Nsomba tiziyanika, masamba tizifutsa, osadalira firiji. Alimi a nkhuku asalandire anapiye asanakonze cowatenthetsera, cifukwa usiku umodzi wozizira utha kumaliza khola lonse.

Ticenjere ndi mbaula, makamaka mu June ndi July. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha banja lonse lili m'tulo. Mbaula isagone m'cipinda cotseka. Nyali ya sola ndi yabwino kuposa kandulo pamene pali ana.

Mutu umodzi susenza denga. Ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Kafue Estates, nyumba khumi zoyandikana zikhale pansi ndi kufunsana: ndani ali ndi citsime? Ndani ali ndi sola? Ndi agogo ati amene akhala okha? Alipo wodwala shuga amene mankhwala ace afunika pozizira? Tisonkherane kugula sola yocajira mafoni, ndipo tizilonderana usiku, pakuti akuba mawaya ndi mafuta a thiransifoma amasowetsa malaiti komboni yonse.

Msonkhano umenewu ucitike mwezi uno, mipopi ikali kutulutsa madzi.