Makina a boma: Kiyi asunge ndani?

Achinyamata a ku Ntaja, Liwonde ndi Ulongwe amene amadalira ulendo wa ku Joni sadzaiwala chaka cha 2024. Mu February chaka chimenecho, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere adalowerera makina osindikizira mapasipoti. Ntchitoyo idaima kwa masabata angapo.

Makinawo adabwera ndi kampani ya Techno Brain yomwe idapata kontirakiti mu 2019, koma boma lidathetsa mgwirizanowo mu 2021.

Malamulo ogulira katundu wa boma alipo. Adakhazikitsidwa mu 2003, ndipo atawaunikanso mu 2017 kudabadwa bungwe la PPDA. Mwa zina, amafuna kuti makampani azipikisana poyera.

Komatu kugula makina a kompyuta n'kosiyana ndi kugula madesiki a sukulu. Desiki ikafika, malonda atha. Makina amafuna owasamalira tsiku ndi tsiku, ndipo wosunga kiyi wake ndiye mwini weniweni.

Choncho kontirakiti izinenetsa kuti kiyiyo ndi wa boma, komanso kuti akatswiri a boma aphunzitsidwe ntchitoyo. Kupanda apo, wolira ndi mnyamata wa ku Nayuchi amene adagulitsa mbuzi kuti apeze pasipoti.