Labotale yathu ili m'bokosi la sipika

Sabata ino ndisiya kaye nkhani ya madesiki ndinayamba ija, ndikambe za phokoso. Anzanga kuno ku Mikolongwe akudziwa kale kuti Loweruka lililonse masiku ano ndimapezeka pashedi ya kalipentala wina, pensulo ili kukhutu, malaya ali mbuu ndi utuchi. Ena ayamba kufunsa ngati uphunzitsi ndausiya. Ayi, sindinausiye. Ndikukhoma mabokosi a masipika, ndipo amene anandiyambitsa ndi mwana wa Fomu 3 yemwe mumtima ndinali nditamutaya kale.

Mnyamatayu amakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi, ndipo mayeso a Fizikisi a teremu yoyamba analephera moonekeratu. Tsiku lina madzulo ndikuchokera kumsika ndinamva nyimbo ya Black Missionaries ikugunda pakhomo pena, besi yake yomvekera m'chifuwa. Ndinkayesa pafika wa ku Joni ndi wailesi yatsopano. Nditapatuka ndinapeza ali iyeyo. Anatola sipika yakale ya m'chitseko cha galimoto n'kuikhazika pakamwa pa mtsuko wa mayi ake, m'mbali atamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Moto unkachokera ku kabatire ka sola.

"Nanga mtsukowu ukutani apa?" ndinafunsa.

"Ikakhala pamtunda imangolira ngati udzudzu, aphunzitsi. Koma ndikaitsekera kumbuyoku imalankhula ngati munthu wamkulu."

Ndinachita manyazi. Mutu wa mafunde a mawu ndinali nditauphunzitsa ndi choko milungu itatu, ana akungondiyang'ana. Apa mwana yemwe ndinamulembera zofiira papepala anali ataupeza yekha ndi manja ake.

Chimene anapezacho n'chotani? Sipika ili ndi maginito, koyilo ya waya wa kopa, ndi pepala looneka ngati fanulo. Magetsi a nyimbo akamadutsa m'koyilo, pepalalo limakankhidwira kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumagwedeza mpweya. Kapangidwe aka anakalongosola Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America mu 1925, ndipo masipika ambiri mpaka lero amagwira ntchito chimodzimodzi. Vuto lili apa: pepala likakankha mpweya kutsogolo, nthawi yomweyo limakhala likuukoka kumbuyo. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho funde la besi yogunda ka 50 pa sekondi limatalika pafupifupi mamita 7, pomwe sipika ya mainchesi 12 ndi masentimita 30 okha. Mpweya wakutsogolo umangozemba m'mphepete kukadzaza kumbuyo, besi n'kufera pomwepo. Ntchito ya bokosi, kapena mtsuko, ndi kulekanitsa mbali ziwirizi kuti zisadyane.

Tsono sukulu yathu, monga masukulu ambiri a CDSS, ilibe labotale ndipo ilibe zokuzira mawu. Pamwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4 chaka chatha tinachita kubwereka kwa anyamata a zaukwati, ndalama yake makolo anasonkha mong'ung'udza. Ndinati bwanji tikhome zathu? Ndinaitana mnyamata uja ndi anzake asanu, atsikana awiri mwa iwo, tinayamba.

Bokosi loyamba linatichititsa manyazi. Tinasonkhanitsa zidutswa za siling'ibodi n'kuzikhoma ndi misomali yokha. Titayatsa, bokosi lonse linayamba kunjenjemera ngati denga la malata kukamawomba mwera. Kalipentala uja, bambo wachikulire amene wakhoma mabokosi a maliro ndi zitseko zaka zambiri, anangoseka.

"Aphunzitsi, ng'oma amasema pamtengo wolimba kuti chilire ndi chikopa chokha. Apa mwapanga kuti thupi lonse lizilira."

Anali atanena zonse. Bokosi la sipika siliyenera kuyimba nawo. Tinapita ku Limbe kukagula pulayiwudi wa mamilimita 18, guluu wa matabwa ndi masikuluu. M'kati tinapingasa thabwa lolumikiza mbali ziwiri zazikulu kuti zisagwedere. M'malumikiziro monse tinamata guluu wosakaniza ndi utuchi, chifukwa kabowo kakang'ono kotulukira mpweya kamaliza likhweru. M'makoma a m'kati tinakhomera bulangete lakale kuti mawu asamangowombana uku ndi uku.

Kukula kwa bokosi ndi masamu a Fomu 2. Lathu m'kati ndi masentimita 60 kutalika, 40 m'lifupi ndi 25 kuya. Mukachulukitsa mupeza 60,000, kutanthauza malita 60, ofanana ndi zigubu zitatu za malita 20. Mtsikana wina amene amati masamu ndi mdani wake ndiye anawerengera zimenezi, ndipo anatikumbutsa kuti tiyeze m'kati osati kunja, poti thabwa nalo limadya malo. Sipika iliyonse ili ndi bokosi loiyenera. Likachepa kwambiri, mpweya wotsekeredwawo umauma ngati sipuling'i yolimba, pepala silisuntha bwino, besi yakuya n'kusowa. Akatswiri awiri, Neville Thiele wa ku Australia mu 1961 ndi Richard Small kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, ndiwo anakonza masamu amene opanga masipika amatsata posankha kukula kwa bokosi. Athu ndi akaunjika opanda pepala lililonse, ndiye tinadalira kuyesa ndi khutu.

Pomwe ana anasangalala kwambiri m'pabowo lakutsogolo. Ndinawauza abweretse mabotolo a Fanta, aliyense auzire pakamwa pake. Botolo lopanda kanthu limalira mawu aakulu, mukathiramo madzi mawu amaning'a. Izi anazifufuza Hermann von Helmholtz wa ku Germany zaka za m'ma 1800. Bokosi lokhala ndi paipi ndi botolo lomwelo, kungoti lalikulu: mpweya wa m'paipi umagwedezeka n'kuthandiza sipika pa besi. Tinadula mapaipi a pulasitiki atatu otalika mosiyana n'kumasinthanitsa. Paipi ikatalika, besi imatsika. Palibe amene ndinamuuza kuti aloweze zimenezi, koma lero aliyense wa iwo angakufotokozereni.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Titamaliza mabokosi awiri, lililonse la masipika awiri, mtima unathamanga. Ndinabwereka ampulifaya kwa alamu anga n'kulumikiza masipika onse anayi mbali imodzi, mawaya ofiira pamodzi, akuda pamodzi. Nyimbo inagunda bwino mphindi zochepa, kenako fungo la waya wopserera, basi zii. Sipika iliyonse inali ya ma ohm 8. Awiri mukawalumikiza chotere amatsika kufika pa 4, anayi amafika pa 2, pomwe kumbuyo kwa ampulifayayo analemba poyera kuti isatsike pa 4. Ma ohm akachepa, magetsi oyenda amachuluka, chipangizo n'kutentha. Samu imeneyi ili m'silabasi ya MSCE, ndipo ine ndemwe ndimachongera ana akailakwa. Safunsa anadya phula. Malipiro a mwezi umenewo gawo lina linapita kwa wokonza mawailesi, ndipo alamu anga mpaka lero akandiona amayamba n'kuseka.

Mawa lake ndinalemba nkhani yonse pabolodi osabisa, n'kuuza kalasi ipeze pomwe aphunzitsi analakwitsa. Woyamba kukweza mkono anali wa kumbuyo uja. Iyeyo ndiyenso anatiwonetsa kuyesa mawaya ndi batire la tochi la mavoti 1.5: mukagunditsa, pepala la sipika limatuluka kapena kulowa, ndipo masipika onse ayenera kuyendera mbali imodzi, apo ayi wina amakankha mnzake akukoka, besi n'kuthawanso.

Sindikunena kuti bokosi la sipika lilowe m'malo mwa labotale. Ana a kumudzi ayenera kukhala ndi zipangizo ngati anzawo a m'tauni, ndipo sitisiya kupempha. Koma podikirapo, tisanyoze zimene tili nazo. Ku Jamaica m'zaka za m'ma 1950 anthu ngati Duke Reid ndi Coxsone Dodd anatchuka ndi mabokosi akuluakulu okhomedwa konko, ovinitsa anthu panja, ndipo m'magule amenewo ndimo munakulira nyimbo zimene pambuyo pake zinabala rege timaikondayi. Kwathu kuno babatoni wa Madalitso Band ndi wopanga pamanja, koma wamveka mpaka ku Ulaya. Mikolongwe amatidziwa ndi nkhuku zakuda zija, komanso tili ndi sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP pakhomo pomwepa. Makolo, mwana akamatola mawailesi akufa musafulumire kumutcha wosokonekera. Aphunzitsi anzanga, muziyendako kumakomo a ana amene amalephera aja, mukaone zimene manja awo amachita.

Chenjezo lokha: bokosi labwino si chilolezo chosowetsa anthu tulo. M'mudzi muli odwala, makanda ndi ana owerengera mayeso. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwerera, ndipo mukachoka pagule m'makutu mukulira, dziwani kuti mwapyola muyeso. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Lolemba lapitali ahedi analankhula pa asembule kudzera m'mabokosi athu, ndipo kwa nthawi yoyamba a mzere wakumbuyo anamva chilengezo chonse osafunsa mnzawo. Bokosi loyamba la siling'ibodi lija tinalilimbitsa n'kumupatsa mnyamata uja. Mtsuko wabwerera kwa mayi ake, omwe ananditumizira uthenga wothokoza kuti ayambanso kumwa madzi ozizira.