Maso Akapsa ndi Kuwala kwa Moto Wowotcherera

Masiku ano pafupifupi pamsika uliwonse pali owotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Ambiri amagwira ntchitoyi atavala magalasi a dzuwa chabe, ndipo ana amaima pambali n'kumaonerera. Kuwala kwa motowu kuli ndi cheza champhamvu chotchedwa UV, chimene chimapsereza khungu loonekera la kutsogolo kwa diso.

Vutoli silidziwika nthawi yomweyo. Ululu umayamba pakadutsa maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake ambiri amadzidzimuka pakati pa usiku. Maso amafiira, misozi imangotuluka, m'maso mumamveka ngati mwalowa mchenga, ndipo munthu safuna kuona kuwala ngakhale kwa nyali.

Zikatere, m'gonekeni wodwalayo m'chipinda chamdima. Viikani kansalu koyera m'madzi ozizira aukhondo, kafinyeni, n'kukaika pamaso atatsinzina. Mpatseni Panado motsatira mlingo wolembedwa papaketi. Asatikite maso ngakhale akuyabwa, chifukwa kutikita kumakulitsa bala. Kukacha pitani naye kuchipatala. Kumeneko amaona ngati mulibe chitsotso, ndipo kawirikawiri amapereka mankhwala opaka m'maso monga tetracycline, oteteza bala ku tizilombo. Kupsa kotere kumapola pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 3.

Chonde, musadontheze m'maso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo kapena madzi a masamba. Zimenezi zimalowetsa tizilombo pabala, ndipo diso limene likanapola lokha lingathe kuchita khungu. Musagulenso mankhwala a m'maso mwachisawawa. Ena ali ndi steroid, amene amakulitsa chilonda cha m'diso. Mankhwala ochititsa dzanzi amene adokotala amadontheza poyeza si okagwiritsa ntchito kunyumba, chifukwa amachedwetsa kupola.

Thamangirani kuchipatala osadikira ngati diso lalasidwa ndi kachitsulo, ngati munthu sakuona bwino, ngati mukutuluka mafinya, kapena ngati ululu sukuchepa patatha masiku 2. Kachitsulo kokanirira musayese kukachotsa ndi singano kapena mutu wa machesi.

Abambo owotcherera, magalasi a dzuwa sakwanira. Gulani chishango chenicheni cha ntchitoyi, chokhala ndi galasi lakuda, ndipo wokuthandizani akhalenso ndi chake. Tchingani malo ogwirira ntchito ndi malata kuti odutsa asavulale. Makolo, auzeni ana kuti akaona moto umenewu azitembenuka n'kuyang'ana kwina. Mtengo wa chishango ndi wochepa poyerekeza ndi masiku amene mungakhale osagwira ntchito.