Peugeot 504 ndi Benz 240D: mfumu ya msewu wafumbi ndi iti?

Amakaniko achikulire akayamba kukumbutsana za galimoto zakale, mayina awiri sasowa pakamwa: Peugeot 504 ya ku France ndi Mercedes-Benz W123 ya ku Germany.

Benz ya mtundu wa W123 idatuluka mu 1976, ndipo pofika 1986 zidali zitapangidwa pafupifupi 2.7 miliyoni, zina zikulumikizidwa ku East London m'dziko la South Africa. Yotchuka kwambiri ndi 240D, ya injini ya dizilo ya malita 2.4. Mphamvu zake n'zochepa ndithu: poyamba mahosipawa 65, kenako 72, liwiro losapitirira kwenikweni makilomita 140 pa ola. Pokwera chitunda imachita kukwawa, koma injini yake sitopa. N'chifukwa chake oyendetsa matakisi ku Morocco adaikakamira kwa zaka zambirimbiri.

Peugeot 504 ndi mkulu wake pa zaka. Idaonekera mu 1968, ndipo chaka chotsatira idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya. Ya petulo ya malita 2 imadutsa mahosipawa 90 ndipo imafika makilomita 160 pa ola, kuisiya 240D kumbuyo.

Koma chomwe chidaipatsa ulemu mu Africa si liwiro ayi. Munthu aigonere pansi aone. Shafuti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo idatsekeredwa m'chipaipi cholimba, kotero miyala ndi matope siziikhudza. Masipuling'i ake ndi aatali komanso ofewa. Tayala likagwera m'dzenje, okwera amangomva kayendedwe kosalala, dengu la tomato lili phee kumbuyo. Ikafa panjira, makaniko wa m'tauni yaing'ono amaidzutsa ndi masipanala ochepa chabe. Mu 1975 Ove Andersson adapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu yomwe imathyola galimoto zodula. Ku Ulaya adasiya kuipanga kalekale, koma ku Kenya adapitiriza mpaka 2004, ndipo ku Kaduna, m'dziko la Nigeria, mpaka 2006.

Okonda Benz ali ndi mfundo zawo. Chitseko chake chimatsekeka ndi kaphokoso kolemera kosonyeza chitsulo chenicheni, ndipo dzimbiri limachedwa kuigwira poyerekeza ndi 504. Pa msewu wa phula, ulemu ndi wake.

Komabe Benz idali ya mabwana, masipeyala ake okwera mtengo. Peugeot idanyamula aphunzitsi, amalonda, odwala, ndi matumba a chimanga pa pikapu yake. Pamsewu wafumbi wa nthawi ya dzinja, mfumu ndi 504.