Maikolofoni Yogona Pansi

Pa sewero la Khirisimasi yapitayi ana athu a Sande Sukulu anavutika ndithu. Maikolofoni inali imodzi yokha, yogwira m'manja, ndipo inkachoka kwa mngelo kupita kwa abusa a nkhosa, kuchoka apo kwa Herode, chingwe chikukola miyendo. Kamtsikana kamene kanaloweza mawu a Mariya kwa milungu itatu kanalankhula maikolofoni isanakafike. Agogo ake, amene anabwera kuchokera ku Kawale kudzamvera mdzukulu wawo, anangoona milomo ikugwedezeka.

Titadandaula, mnyamata wina wa mumpingo mwathu, amene amayendetsa zipangizo za mawu pa misonkhano ya ku City Centre, anatibwereka kachipangizo kathyathyathya, kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu. Pa Chingerezi amakatcha boundary microphone. Sagwira m'manja, sayimikanso pa chitsulo. Amangokagoneka pa tebulo, pansi kapena pa khoma. Ife akulu tinakayang'ana mokayika, koma titamva zimene kanajambula tinafuna kudziwa chinsinsi chake.

Chinsinsicho nchimene aphunzitsi timachidziwa m'kalasi. Ana awiri akamawerenga mzere umodzi, wina nkumatsalira pang'ono, palibe chomveka. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Maikolofoni yoyimikidwa patali ndi wolankhula imamva mawu ake kawiri: oyamba ochokera pakamwa, achiwiri ogunda pansi nkubwerera, amene amafika mochedwerapo chifukwa njira yawo njotalika. Mawu awiriwa akakumana amafafanizana mwina ndi mwina, ndipo munthu amamveka ngati akulankhulira mumtsuko. Tsono khutu la maikolofoni yogonayi lili pafupi kwambiri ndi malo amene yagonapo, kotero kuti mawu achindunji ndi obwerera amafika pamodzi nawonjezerana mphamvu. Akatswiri amati mphamvuyo imakwera ndi madesibelo 6.

Nzeru imeneyi anaitulukira ku America mu 1978 a Ed Long ndi a Ron Wickersham, ndipo kuyambira mu 1980 kampani ya Crown ya mumzinda wa Elkhart inayamba kuigulitsa pa dzina lakuti PZM. M'nyumba zochitira masewero amandandalika maikolofoni zamtunduwu kutsogolo kwa nsanja, ochita sewero nayenda momasuka, manja ali opanda kanthu. Ndizo zimene ana athu anasowa.

Komabe tisathamangire kusitolo. Maikolofoni iyi imafuna malo olimba ndi otambalala. Simenti ya m'matchalitchi athu akale a ku Old Town njabwino. Kapeti wokhuthala wa m'matchalitchi ena a ku ma Area, ngakhale amakongoletsa nyumba, amameza mawu. Zambiri zimafunanso magetsi a mavoti 48 ochokera ku mikisa, ndipo si mikisa iliyonse imene imawatulutsa. Funsani zimenezi ndalama za chopereka zisanatuluke.

Chovuta chachikulu nchakuti sisankha. Imamva zonse zoizungulira: wotsokomola, nsapato zogogoda, mapepala otembenuzidwa, ndi mvula ya mu Januwale ikamawomba pa malata. Mukaiyandikiza ku masipika nimukweza mawu, imamva mawu ake omwe ndipo imalira mogonthetsa m'khutu. Nchifukwa chake tikuti mlaliki akhale ndi maikolofoni yake ya pa gome monga kale. Yogonayi ntchito yake yeniyeni nkujambula kwaya, sewero, kapena msonkhano wa anthu ozungulira tebulo limodzi. Kwaya ikajambulidwa motere, besi wa kumbuyo ndi sopulano wa kutsogolo amamvekera limodzi, osati mtsogoleri yekha amene wakumbatira maikolofoni.

Inu achinyamata amene mumakhala pa mikisa, bwerekani imodzi kaye. Iyeseni Loweruka m'tchalitchi mulibe anthu, muiyesenso Lamulungu mutadzaza, pakuti matupi ndi zovala za anthu zimasintha kamvekedwe ka nyumba. Ndipo muwachenjeze akulu a mpingo kuti yatsegulidwa. Ife tsiku loyesa lija tinaigoneka pa tebulo la kutsogolo nkuiwala, ndipo madzulo ake komiti yonse inamva bwino lomwe awiri a ife tikunong'onezana kuti ulaliki watalika.