Loya wa ku Canada amene anatsutsa anzake pa nkhani ya South Africa

Akuluakulu a ku Fonte Boa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, sanaiwale zaka zimene minda ya mbatata ya kachewere inasanduka tchire, eni ake atathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pofika 1992, dziko la Malawi linkasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Nkhondoyo inkakolezedwa ndi boma latsankho la South Africa. Zikalata zimene zinagwidwa ku Gorongosa mu 1985 zinaulula kuti bomalo linkathandizabe zigawenga za Renamo, pangano la Nkomati la 1984 la pakati pa Mozambique ndi South Africa lili chisainire.

Mwa atsogoleri amene analikhalira pakhosi boma limenelo munali Brian Mulroney, loya wobadwira ku Baie-Comeau m'dziko la Canada mu 1939. Analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1983. Chaka chotsatira chipani chake cha Progressive Conservative chinapata mipando 211 mwa 282, iye n'kukhala nduna yaikulu.

Pa zachuma ankamvana kwambiri ndi Margaret Thatcher wa ku Britain ndi Ronald Reagan wa ku America, ndipo awiriwo sankafuna zoti dziko la South Africa likhaulitsidwe pa malonda. Apa Mulroney anawakanira. Mu Okutobala 1985 anauza bungwe la United Nations kuti dziko la Canada n'lokonzeka kudula ubale wonse ndi South Africa tsankho likapitirira. Mu Januwale 1987 anabwera yekha kudzakumana ndi atsogoleri anzake Kaunda, Mugabe ndi Masire ku Victoria Falls. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa Commonwealth ku Vancouver, dziko la Britain linatsala lokha pokana zilango, ndipo komweko kunakhazikitsidwa thumba lapadera lothandizira Mozambique.

Zolakwa anali nazo. Ubale uja sanaudule, ndipo mu 2010 komishoni yofufuza inamudzudzula chifukwa cholandira ndalama pamanja kwa wamalonda Karlheinz Schreiber atasiya udindo. Anamwalira mu Febuluwale 2024.

Komabe kukanira Thatcher pamaso, chifukwa cha anthu akutali amene sakanamuvotera n'komwe, kunafuna kulimba mtima. Kulimba mtima kotereku kukufunikanso ku Mozambique. Aphungu a chigawo cha Tete amalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Maputo kudzera pa mndandanda wa chipani, motero kukhala chete n'kumene kumateteza mpando wawo. Alimi a ku Tsangano ndi Angónia aziwafunsa aphunguwo kuti ndi liti pamene anatsutsa akuluakulu a chipani chawo pofuna misewu, feteleza ndi mitengo yabwino ya mbatata.