Siya phazi kumgodi, mlomo ukaupeza ku London

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Akuluakulu ponena mawuwa ankaganiza za mkamwini wochoka pamudzi akutukwana apongozi. Sankadziwa kuti tsiku lina mlomowo udzayenda pa intaneti n'kukafika ku London mwini wake asanagule n'komwe tikiti ya ndege.

Ndikunena za mainjiniya a zamigodi, ana athu amene aphunzira ku MUBAS ku Blantyre, ku UNZA ku Lusaka kapena ku Copperbelt University ku Kitwe, ndipo tsopano maso ali ku Mangalande. Agogo awo popita ku Joni ndi WENELA ankangoyezedwa pachifuwa, kudinda chala, basi ulendo. Mdzukulu wa digiri amafunsidwa china: ndani angakuikire umboni?

Adziwe kaye kuti ku London kulibe mgodi. Ngakhale m'dziko lonselo, mgodi wakuya wa malasha wotsiriza, wa Kellingley, unatsekedwa mu 2015. Zimene zili ku London ndi ndalama ndi anthu osayina. Anglo American inasamutsira likulu lake kumeneko mu 1999, Rio Tinto ili ku St James's Square, ndipo ogulitsa kopa wa ku Zambia amayang'ana mtengo wa pa London Metal Exchange, msika umene unayamba mu 1877. Mkango Resources ya ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi Sovereign Metals ya ku Kasiya zinapita kukagulitsa masheya pa msika wa AIM mumzindamo. Choncho injiniya wa ku London amakhala mu ofesi, kuwerenga malipoti a migodi yakutali n'kuuza mabanki ngati miyala ili pansiyo ingabweze ngongole. Wolemba ntchito alibe dzenje loti akutsitsiremo aone ngati umadziwa kuchirikiza denga kapena kuyendetsa mpweya. Amadalira maso a munthu amene anakuona ukuchita zimenezo.

Apa m'pamene ambiri a ife timapunthwa. Kwathu tinazolowera kuti umboni umalemera ndi dzina la woupereka, ndiye timathamangira kwa abusa, kwa aphungu, kwa amalume a ku Capital Hill. Timayenda ndi kalata imodzi yodindidwa kalekale, yoyamikira kuti mnyamatayu ndi waulemu ndi woopa Mulungu. Ulemu ndi wabwino, koma abusa sanakuoneko ukuphulitsa mwala. Mboni ya ntchito ili ngati nkhoswe ya ukwati: sasankha wolemera kapena wotchuka, amasankha wokudziwa, amene zinthu zikavuta adzaitanidwa n'kubwera. Kapitawo amene unkatsika naye usiku, ngakhale Chingerezi chake n'chothyokathyoka, amaposa nduna imene inakupatsa moni kamodzi pamaliro.

Ntchito ya migodi inamangidwa pa kuikirana umboni. Malamulo a JORC, amene makampani ambiri amatsata polengeza kuchuluka kwa miyala, amafuna kuti wosayina lipoti akhale atagwira ntchito ya mtundu umenewo zaka zosachepera 5, komanso akhale membala wa bungwe lovomerezeka limene lingamulange akanama. Wofuna kukhala Chartered Engineer kudzera ku bungwe la IOM3, la pa Euston Road, amafunikanso anthu odziwa ntchito yake oti amuvomereze. Digiri imangokufikitsa pakhomo.

Chodabwitsa n'chakuti Angerezi eni ake amaumira mawu polemba umboni. Pa ntchito zambiri lamulo silikakamiza bwana wakale kulemba kanthu, koma akalemba ziyenera kukhala zoona ndi zachilungamo. Chiyambire mlandu wa Spring ndi Guardian Assurance mu 1994, pamene House of Lords inagamula kuti wolemba umboni mosasamala akhoza kulipitsidwa, makampani ambiri amangotchula udindo wako, tsiku limene unayamba ndi limene unasiya. Zotsalazo zimayenda pa foni. Anthu a migodi ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene unamumenyera chitseko ku mgodi wa ku Moatize mwina anagonapo kampu imodzi ndi amene akuwerenga CV yako lero.

Taonani za Kayelekera ku Karonga. Paladin inatsegula mgodiwo mu 2009, n'kuimitsa ntchito mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo mu 2020 unapita m'manja mwa Lotus Resources. Mgodi ukaima chotero mabwana amabalalika, imelo za kampani zimafa, manambala amasintha. Injiniya amene anatsazika bwino n'kumapatsabe moni akuluakulu ake pachaka ali ndi mboni. Amene anangosowa ali ndi zaka za thukuta zopanda wozinenera.

Koma ndisangodzudzula ana. Inu akuluakulu a ntchitoyi, amene imelo yopempha umboni imagona milungu itatu m'kompyuta mwanu, mukudziwa kuti ku London sadikira? Ena mumachita dala, poti mwanayo akapita kunja adzakuposani. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, pakuti migodi imatsekedwa, ndipo mawa wofuna mboni akhoza kukhala inuyo. Enanso mumalakwa mwa chifundo, kulemba kuti munthu anayang'anira ntchito imene sanaigwirepo. Bodzalo limaululika mwezi woyamba, ndipo amene amalipira ndi Mmalawi wotsatira, amene kalata yake idzawerengedwa ndi diso lokayika.

Wochokera kunja ali ndi phiri linanso. Viza ya Skilled Worker imafuna Certificate of Sponsorship yochokera ku kampani yololedwa ndi Home Office, ndipo kampani siingadzivutitse ndi ndalama ndi mapepala amenewo chifukwa cha munthu amene palibe akumudziwa. Ndiye inu ofuna ntchito, musanalembe dzina la munthu pa CV, muimbireni, mum'pemphe, mum'kumbutse zimene munagwira limodzi, ndipo mufunse imelo yake ya kuntchito. Akayankha mozengereza, funani wina.